Ndolo Zopanda Zinzake

Ndinayamba kugula golide chifukwa cha mantha, osati chifukwa cha nzeru monga mmene anthu a mu Mtendere, komboni yathu kuno ku Lusaka, amanenera masiku ano. Mayi wina amene tinkachita naye lendi payadi imodzi anaferedwa mwamuna, ndipo patangopita mlungu umodzi maliro ataikidwa, abale a mwamunayo anafika ndi kalole kobwereka. Anatenga bedi, mipando, wailesi, ngakhale mbaula. Atamaliza anayang'ana m'nyumba yopanda kanthuyo n'kunena kuti ana sangakulire mu umphawi wotero, choncho anawo anakwezedwanso pa kalole komweko. Ine ndinali pampopi, mwana wanga wamkazi ali kumsana, ndipo ndowa inasefukira ndisakuona. Mwamuna wanga anali Mngoni, anandilowola mokwanira, ndipo kwawo mwana ndi wakuchimuna. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti zoterezi zikadzandigwera, mwana wanga ndidzamusunga pokhapokha nditakhala ndi pogona pangapanga.

Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Ndinkalukira pakhonde, kasitomala atakhala pa kampando, ine nditaimirira mpaka msana kuuma. Mwamuna wanga anali mmisiri womanga nyumba. Anamanga nyumba za anthu kuyambira Kalingalinga mpaka ku Chalala, koma ife tinkagona m'zipinda ziwiri za eni ake, denga lake lodontha pamwamba pa bedi. Ndinkamuseka nazo zimenezi, iye n'kumayankha kuti akuyeserera kaye pa nyumba za anthu kuti yathu idzatuluke yowongoka.

Kusunga ndalama ndinayesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinalowa chilimba ndi azimayi anzanga, chosonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, koma tsiku langa lolandira linkadziwika komboni yonse. Madzulo ake kunkabwera wodwala, woferedwa, ndi wachibale amene wasowa ya basi yobwerera kumudzi, ndipo ine mtima wanga ngwaukali koma dzanja langa ndi lofewa. Ndinayesanso kusiya ndalama kubanki. Kumeneko sizinkabedwa, koma ndikapita kukafunsa mtengo wa simenti ndi malata ndinkapeza zinthu zakwera kundisiya kumbuyo. Ndinkabwerera kunyumba nditakwiya, n'kumakalipira mwana pa zinthu zopanda pake.

Golide anabwera yekha, pakhutu la munthu. Makasitomala anga ambiri anali atsikana ogwira ntchito m'nyumba za kumayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Tsiku lina mmodzi wa iwo, nditamaliza kumuluka, anandiuza kuti ndalama yamuperewera ndipo anandipatsa ndolo imodzi. Anati abwana ake aakazi anamupatsa chifukwa inzake inatayika. Ndinamulalatira kuti kodi ndikagula ndiwo ndi ndolo, koma mutu unali utalukidwa kale, kumasula sindikanatha. Ndinaiponya m'chikwama ndikunyinyirika.

Patapita milungu ingapo ndinapita kumsika wa ku Kamwala kukagula ulusi wolukira. Pamenepo panali mdala wina wokonza mawotchi ndi mphete, m'kachipinda kopanikiza koti anthu awiri sangatembenukemo. Ndinamupatsa ndolo ija kuti andiuze ngati ili ndi phindu. Anaikhula pa kamwala kakuda, anadonthezapo mankhwala, anaiika pa kasikelo kake, kenako anatchula mtengo. Unali woposa kuluka mitu itatu. Ndinamulanda ndolo ija m'manja ndisanaganize n'komwe, ndipo mdalayo anaseka mpaka kutsokomola. Anati anthu onse amabwera kwa iye kudzagulitsa, ine ndekha ndi amene ndamva mtengo n'kukana.

Mdala ameneyu ndiye anandiphunzitsa. Anandionetsa timanambala ting'onoting'ono timene timadindidwa kuseri kwa ndolo kapena m'kati mwa mphete. Anandiuza kuti golide samamatira ku maginito, sadetsa khungu, ndipo akakalamba sawala kwambiri. Ndinamva zonsezo, koma dyera linandigwirabe. Anyamata awiri pa siteshoni ya mabasi anandionetsa tcheni chonenepa, chowala, akunong'ona kuti akufulumira. Ndinapereka ndalama ya mlungu wonse. Nditachivala masiku awiri khosi langa linabiriwira. Ndinabwerera ku siteshoni kuja ndi ukali wanga wonse, ndinazungulira mpaka miyendo kutupa, koma anyamatawo sindinawaonenso. Mwamuna wanga anandiseka masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu anaphwasula wailesi yakufa n'kundichotsera maginito ake, ndipo anandiuza kuti ndisadzagulenso kanthu ndisanayese.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: ndinkagula zopanda zinzake ndi zothyoka zokha. Ndolo imodzi, tcheni choduka, mphete yopindika imene yataya mwala wake. Zinthu zoterezi mwini wake amaziona ngati zatha ntchito, ndipo sangalipire basi kupita m'tauni chifukwa cha kandolo kamodzi. Ine sindinkanamiza munthu. Ndinkamuuza kuti uyu ndi golide, mdala wa ku Kamwala angakupatse zoposa pang'ono, koma ngati ukufuna lero, nazi zanga. Ambiri ankatenga zanga, ena ankasinthanitsa ndi kuluka. Lamuloli linkanditetezanso. Mtsikana wina anabwera ndi ndolo ziwiri zofanana, zatsopano, atazikulunga m'mpango, maso ake ali pamsewu. Ndinamuuza kuti azibweze kumene wazitenga asanandibweretsere apolisi pakhonde. Palibe bwana amene amapatsa wantchito ndolo ziwiri zonse zili bwinobwino.

Sikuti zinkabwera tsiku ndi tsiku. Miyezi ina inkatha osagula kanthu, chifukwa cha kusowa ndalama kapena kusowa wogulitsa. Nthawi zina ndinkagula kachidutswa kochepa ngati kambewu ka mpunga, n'kumadzifunsa ndekha ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinkaziponya m'chitini chakale cha mkaka wa ana, pamodzi ndi mabatani, mapini a tsitsi ndi mano a zipeso zothyoka. Chitinicho sindinkachibisa. Chinkakhala pawindo pakati pa zipangizo zanga zolukira, ndipo ana a pa yadi ankachidutsa osachiyang'ana n'komwe.

Komboni sisunga chinsinsi, koma imakonda kumva zinthu mokhota. Anthu anaona kuti ndimafunsa za ndolo zopanda zinzake, ndipo anagwirizana kuti ndi mankhwala okokera makasitomala. Ankati sing'anga wina anandiuza kuti ndizisonkhanitsa zitsulo zimene zinakhudza makutu a anthu olemera. Azimayi awiri a kutchalitchi kwathu anabwera kudzandipempherera kuti ndisiye. Ndinawaphikira tiyi, ndinagwada, anandipempherera, ndipo pochoka mmodzi wa iwo anandigulitsa mphete yake yosweka. Mbiri ya mankhwalayo sindinalimbane nayo, chifukwa inkachititsa kuti anthu aziopa kugwira chitini changa.

Zinatero kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mwana anakula, anafika ku sekondale, wamtali ngati bambo ake ndiponso wofatsa ngati iwo, osati ngati ine. Kenako mwamuna wanga anayamba kuwonda. Anali matenda a shuga, ndipo anawazindikira mochedwa chifukwa cha kuuma mutu kwake pa nkhani za chipatala. Ndinafuna kugulitsa golide yense kuti tipite kwa madokotala olipira. Tinakangana zenizeni, ndinalira, ndinamutchula mayina oipa. Iye anati mankhwala akulandira kale ku chipatala cha boma ndipo zimene zawonongeka m'thupi sizingakonzeke ndi ndolo. Masana ena, ali chigonere, anandikoka mkono.

"Amake mwana, chitini chija osauzako akwathu. Niwadziwa. Ija ni nyumba ya mwana."

Anamwalira m'nyengo ya mvula. Za malirowo sindilemba, chifukwa mpaka lero zimandivuta.

Tsiku logawa katundu linafika m'mawa kutacha bwino. Otsogolera anali alamu anga aakulu, mkulu wake wa mwamuna wanga, amene amalima kumudzi kufupi ndi ku Chipata. Anabwera ndi mlongo wawo, mlamu wanga wamkazi, mayi wa maso akuthwa amene sanandikondepo chiyambire. Panalinso mkulu wa mpingo wathu ndi aneba angapo monga mboni. Anzanga anali atandiuza kale kuti lamulo lilipo loteteza amasiye, ndikhoza kukadandaula. Ndinkadziwa zimenezo. Koma ndinaona kuti ndikamenyera firiji, iwo adzaumitsa mtima pa nkhani ya mwana. Ine amene ndimayankha munthu asanamalize kulankhula, tsiku limenelo ndinatseka pakamwa. Anatulutsa bedi, firiji, mipando, TV, wilibala ndi zipangizo zonse zomangira. Ndinakhala pamphasa, mutu wofunda, ndikumva katundu akukhula pakhomo.

Mlamu wanga wamkazi ndiye ankafufuza m'makona. Anatsegula masutikesi, anagwedeza mapilo, anasuzumira m'mapoto. Kenako anafika pawindo. Ananyamula chitini chija, anachigwedeza, ndipo atamva kulira kwake anachikhuthulira pamphasa patsogolo panga. Zaka zisanu ndi zinayi zinamwazika pakati pa mabatani ndi mapini. 

Anatola ndolo imodzi, anafunafuna inzake, sanaipeze. Anatola ina, chimodzimodzi. Zonse zinali zakuda ndi fumbi ndi mafuta a tsitsi, zina zopindika, zina zopanda kotsekera. Anayamba kuseka, n'kuitana achimwene ake kuti adzaone.

"Onani, ba mulamu benze kutola masikiyo mu mseu. Kulibe olo yabili yolingana. Tolani vinyalala vanu ivi, vizalasa bantu ku mendo."

Anazikankhira kwa ine ndi phazi. M'sutikesi anali atapeza kabokosi ka mkanda ndi ndolo zake ziwiri, zowala kwambiri, zimene ndinagula pamsika pa mtengo wa nkhuku imodzi kuti ndivale pa kicheni pate ya mnzanga amene ankakwatiwa. Zimenezo ndiye anazikulunga bwinobwino n'kuziika m'chikwama chake, akunena kuti zinagulidwa ndi thukuta la mchimwene wake. Ine ndinagwada n'kuyamba kutola timandolo tanga kamodzikamodzi, misozi ikugwera pamphasa. Aneba ankaganiza kuti ndikulira ndi manyazi, ndipo mayi wina anabwera kudzandithandiza kutola.

Katundu atatha, alamu aakulu anakhala pa mpando umodzi umene unali usanakwezedwe n'kupereka chigamulo. Anati mwana amalize temu ya sukulu, kenako adzabwera kudzamutenga kuti akakulire kwa abale a bambo ake. Sanalankhule mwankhanza. Anati ndine mkazi ndekha, nyumba ndi ya lendi, kuluka tsitsi sikungalere mwana wamkazi mu Lusaka, ndipo mawa ndidzakwatiwa ndi mwamuna wina amene mwanayo sadzamufuna. Mwana wanga anali ataima pakhomo, akumva zonse.

Apa ndiye ndinatsegula pakamwa. Ndinafunsa mwaulemu, maso ali pansi, kuti nanga nditakhala ndi nyumba yangayanga, mwana angatsale? Mlamu wamkazi anaseka mokweza. Alamu aakulu anamwetulira mondimvera chisoni n'kunena kuti nditawaonetsa nyumba ndi pepala lake la dzina langa, mwana sadzamukhudza. Ndinatembenukira kwa mkulu wa mpingo n'kumupempha kuti amve bwino mawuwo. Alamu anawabwerezanso, pang'onopang'ono, chifukwa ankaona kuti akulonjeza chinthu chosatheka.

Masiku olira atatha ndinapita ku Kamwala, chitini chili m'chikwama cha ndiwo, pamwamba nditaikapo repu. Mdala uja anali atakalamba kwambiri, manja akunjenjemera, magalasi awiri pamphuno. Nditakhuthula pa tebulo lake anadzuka n'kutseka chitseko. Anayesa chimodzichimodzi pa kamwala kake kaja, n'kumaunjika timilu malinga ndi mtundu wa golide. Zina zingapo anazikankhira pambali kuti si golide, ndipo chilichonse chokankhidwa chinkandibaya mumtima, popeza ndinkakumbukira mutu umene ndinaluka kuti ndichipeze. Tinatha m'mawa wonse. Pomaliza anandiuza kuti yekha sangakwanitse kugula zonse, aitane mnzake wa ntchito yomweyo. Zinatenga masiku atatu, ndipo ndalama zinalowa kubanki osadutsa m'manja mwanga, monga ndinawapempha.

Sizinali zochuluka monga ndinkalotera. Nyumba imene ndinkaiona m'maganizo, ya khonde lalikulu lolukirapo, sinatheke. Zinakwanira zipinda ziwiri kumapeto kwa Mtendere, zosapaka pulasitala, mawindo otsekedwa ndi makatoni, pansi pali dothi. Mwini wake anali bambo wopuma ntchito amene ankabwerera kwawo ndipo ankafuna kugulitsa msanga. Amisiri anzake a mwamuna wanga atamva anabwera Loweruka lina, anathira simenti pansi, anaika chitseko, ndipo anakana kulandira kanthu. Mmodzi wa iwo anayang'ana khoma n'kunena kuti malemu akanaona kupindika kwake akanagwetsa n'kuyambiranso. Ndinaseka koyamba chimwalirire mwamuna wanga.

Mwana sindinamuuze zoona. Ndinangoti tasamukira ku lendi yotchipa. Azakhali ake ankamuimbira foni kawirikawiri, ndipo mwana wanga satha kunama. Ndinkaopa kuti akangomva za ndalama, adzabwera kudzanena kuti zinali za malemu ndipo nazonso zigawidwe, pepala lisanatuluke. Ndiye ndinkamuona akuwonda, akutsanzikana ndi anzake a kusukulu mwakachetechete, ine n'kumangoluma mlomo. Zimenezi zinandipweteka kuposa kutengedwa kwa bedi.

Kusintha dzina pa pepala la nyumba kuli ndi njira yake, ndipo njirayo sithamangira munthu. Ndinapita ku maofesi a khonsolo maulendo ambiri, ine ndi wogulitsa uja, kusaina apa, kudikira apo. Sukulu zinatsekera Lachisanu pepala lisanatuluke. Lolemba anandiuza kuti ndibwere mawa lake. Lachiwiri ndinalawirira, ndinaima pa mzere, ndipo chakumasana anandipatsa pepala lili ndi dzina langa, lolembedwa bwino popanda cholakwika. Ndinaliwerenga panja nditatsamira khoma. Ndinalipinda n'kuliika pachifuwa, kenako ndinakwera minibasi, ndipo ulendo wonse ndinkakalipira dalaivala mumtima kuti akuchedwa kuima paliponse.

Nditafika kunyumba ndinapeza alamu aakulu atafika kale. Anabwera ndi basi ya m'mawa, ndipo aneba akale ndi amene anawalozera kumene tinasamukira. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, popeza mpando m'nyumbamo munalibe. Mwana wanga anali ataima pakona, atavala diresi lake la kutchalitchi, chikwama chili pamapazi atalongedza kale. Maso ake anali otupa, koma sankalira. Anali atamaliza kulira ndisanafike.

Ndinagwada n'kuwapatsa moni alamu monga mwa mwambo, ndinafunsa za kumudzi, za mvula, za mlamu wanga wamkazi. Sindinafulumire. Ndinali nditadikira zaka zambiri, ndipo ndinafuna kuti mphindi imeneyi ndiimve kukoma kwake. Atayamba kunena kuti ayenera kunyamuka msanga kuti apeze basi, ndinatulutsa pepala lija n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Anawerenga kawiri, akuyendetsa chala pansi pa dzina langa. Anayang'ana denga, anayang'ana makoma, anandiyang'ana ine. Nkhope yawo inauma, ndipo anafunsa ngati pali mwamuna wina amene wandigulira, maliro a mng'ono wawo asanazizire. Ndinadzigwira.

"Kulibe mwamuna, ba mulamu. Ni vinyalala vija ba mulamu bakazi bananiuza kuti nitole. Yenze golide."

Alamu anayang'ananso pepalalo. Ndinkaona kuti akukumbukira mphasa ija ndi phazi la mlongo wawo. Ndinkayembekezera kuti ayamba mkangano, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale, ena aulemu, ena ayi. Koma alamu anga ndi munthu wosunga mawu ake, zimenezo sindingawanamizire. Anapinda pepala lija mosamala n'kundibwezera. Anati analankhula pamaso pa anthu ndi pamaso pa mkulu wa mpingo, sangabweze mawu. Anawonjezera, mawu ali pansi, kuti mng'ono wawo anakwatira mkazi wovuta, koma anakwatira bwino. Kenako anapempha madzi akumwa.

Mwana wanga sanasunthe. Ankayang'ana ine, kenako atate ake aakuluwo, osamvetsa ngati wamva bwino. Ndinamupatsa pepala lija kuti awerenge yekha, popeza Chingerezi amachidziwa kuposa ine. Anawerenga milomo ikuyenda.

"Amayi, nichose vovala mu chola?"

"Chosa. Ukhome na misomali pa chipupa pamene ufuna. Kulibe landilodi azakamba."

Anatuluka panja, anatola mwala, anatenga misomali itatu imene amisiri anasiya pawindo. Anaikhoma yonse itatu mopindika, ina m'mwamba kwambiri, ina m'munsi, fumbi la njerwa likugwera pa diresi lake la kutchalitchi. Ine amene ndimakalipira chilichonse chokhota ndinangokhala pansi n'kumamuyang'ana, mpaka anapachika yunifolomu yake ya sukulu.